Kamphepo ka pa Khoma la Kuseri

"Imani pomwepo! Musalowe."

Nsofwa anatukula kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi n'kukaloza pachipumi pa mnyamata amene anaima pageti. Mnyamatayo anali atasenza mapaipi achitsulo paphewa, masiki ili pakamwa, magalasi akuda owotcherera ali lende pakhosi. Anakweza dzanja limodzi m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi.

"Ba Sisita, tsiku loyamba chabe mwaniloza na mfuti? Nalakwa chani?"

"Ni lamulo. Bweretsani manja."

Anamupopera sanitaiza m'manja. Anali manja azipsera, oti moto unawalawa kambirimbiri.

"Dzina?"

"Haidar. Niwotcherera vitsulo muno mu Kalingalinga. Ba Matironi ndiye baniitana. Nanga imwe?"

"Dzina langa silikhudza nchito yanu."

"Basi nizakuitanani Maso. Kaili ni maso chabe yamene niona pamwamba pa masiki. Koma yakwana, mwandi."

Nsofwa anamwetulira, n'kuthokoza kuti masiki yamubisira.

Chinali chaka cha korona, mwezi wa Juni, nthawi imene kuzizira kwa Lusaka kumaluma zala. Nsofwa ankachokera ku Chazanga m'mawa uliwonse kukagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba kumapeto kwa Kalingalinga. Chibwerere matendawo, geti linatsekedwa kwa alendo onse. Ana, adzukulu, azimayi a kutchalitchi, onse ankabwerera panja. Okalamba anatsekeredwa m'zipinda, mawindo ali otseka.

Korona sinalowe. Koma kunalowa china. Ba Lombe, mkulu amene ankakonda kuothera dzuwa pansi pa mango, anayamba kutupa miyendo. Anasiya kudya, kenako anasiya kuyankhula. Anamwalira akuyang'ana khoma.

Maliro atatha, Nsofwa analowa mu ofesi ya Ba Nkole, matironi wa nyumbayo, mayi wosaseka wamba.

"Ba Matironi, tizabasiliza tekha aba bantu. Bafunika mphepo. Bafunika kuyenda, olo pang'ono chabe mu yadi."

Ba Nkole anadzutsa mutu.

"Chabwino. Nizaitana wa vitsulo aike pogwirira, basagwe. Koma mvera bwino, Nsofwa. Munthu wa panja akagwira nkhalamba yanga imodzi, olo chala chabe, kuyenda kwasila. Bonse babwerera mukati, iwe ubwerera ku Chazanga. Wamvera?"

"Namvera."

Ndiye chifukwa chake Haidar anabwera. Nayenso anauzidwa kuti azikhala patali ndi okalamba.

Ba Nkole ankafuna kuti chitsulo chogwiriracho chichoke pakhonde n'kuthera pamtengo wa mango. Haidar anayenda m'bwalo monse, n'kukaima pakhoma la kuseri. Pamenepo omanga anaikapo mabuloko a mabowo, ofika m'chifuwa mwa munthu, ndipo kuseri kwake kunali kanjira kopita kumpopi wa madzi.

"Ba Matironi, mphepo yabwino ili kuno. Imani apa mumvere. Mapaipi yazakwana, nizafikitsa mpaka pano."

Ba Nkole anaima pamenepo, kamphepo kakuwomba m'mabowo, ndipo anavomera.

Kuyenda kunayamba chitsulo chisanathe. Dzuwa likangofunda, Nsofwa ankatulutsa okalamba ake. Ena pandodo, ena pa wilutcheya.

"Manja m'mwamba! Kokani mpweya! Tulutsani!"

"Iwe mwana, ufuna kutipaya?" ankadandaula Ba Felistus, amene anakalambira pamsika wa Mandevu akugulitsa tinsomba ta kapenta, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko. "Mwendo uyu unasiya nchito kudala, manje iwe waulemba futi!"

Koma m'mawa mwake anali oyamba kufika pakhomo, atamanga kale chitenje.

Panalinso Ba Mwanabibi, mayi wachete wovala mpango woyera, amene anabadwira ku Mangochi. Sitiroko inawaumitsa mbali imodzi n'kuwalemetsa lilime. Ankangokhala pa wilutcheya, maso ali pansi. Chakudya ankachikankha.

Tsiku lachitatu, Nsofwa anapeza kapepala ka nambala ya foni katamangidwa ndi waya pa botolo lake la sanitaiza. Anakang'amba. Koma nambalayo anali ataiwerenga kale, ndipo siinatuluke m'mutu. Ali m'minibasi madzulo, anangolemba kuti: "Musagwire vinthu vanga futi."

Yankho linafika basi isanafike m'tauni.

"Pepani Maso. Koma botolo yanu ndiye inaniitana. Inati mwine wake ali yekha."

"Botolo yanga siikamba."

"Ikamba na bantu bamene bakonda mwine wake."

Nsofwa anaika foni m'chikwama. Anaitulutsanso. Kodi mtima ungalumphe chonchi chifukwa cha munthu amene sunamuonepo pakamwa?

Mameseji anachuluka. "Wauka bwanji, kamphepo kanga?" "Lero nawotcha chala chifukwa nenze kuyang'ana iwe." "Switi wanga, vala juzi, kunja kwazizira." Ulemu wa "imwe" unatha wokha, osadziwa kuti unatha liti.

Tsiku lina Nsofwa anangotchula kuti mbaula ya amayi ake yabowoka pansi. Sabata isanathe, Haidar anamudikira pasiteji atanyamula mbaula yatsopano, yaing'ono, yolimba. Timabowo ta m'mbali anatiboola mwaluso, totsatana kupanga chilembo cha N.

"Ukayatsa malasha, dzina lako lizawala," anatero. "Monga mwamene liwalira muno." Anadzigunda pachifuwa.

Madzulo amenewo ku Chazanga, makala atayaka, chilembocho chinafiira ndithu. Amayi ake anachiyang'ana, n'kuyang'ana mwana wawo.

Kenako linafika tsiku limene Haidar sanaseke. Anamuitanira kuseri kwa thanki ya madzi nthawi ya chakudya chamasana. Maso ake anali ofiira.

"Nsofwa, pali chamene nakubisa. Baja ba mpango woyera, Ba Mwanabibi. Ni bamai banga. Bonibala."

"Chani? Nanga sunakambe bwanji?"

"Ba Matironi bakadziwa, bazanichotsa. Bazati nabwera kuona wachibale. Ine nikwanitsa, nibaona patali tsiku na tsiku. Koma sisita wanga Hanan, Nsofwa! Chitsekere geti sanabaonepo. Sadya, sagona. Ali na kamwana, Mariya, kamene kaiwala nkhope ya ambuya bake."

Nsofwa anamva chifundo.

"Manje ufuna nichite chani?"

"Ukafika nabo pa khoma ya kumbuyo, uimeko pang'ono chabe. Hanan azankhala kuseri, mu kanjira. Baonane pa mabowo."

"Awe! Haidar, awe. Unamvera vamene banakamba Ba Matironi. Si nchito yanga chabe. Nkhalamba zonse zizabwerera mukati. Zizafa monga Ba Lombe!"

"Bamai banga bayamba kale kufa. Siuona?"

Ankaona. M'mawa womwewo anali atachotsa mbale ya phala yosakhudzidwa.

Haidar anamugwira dzanja, koyamba.

"Mvera, kamphepo kanga. Aba ni bapongozi bako ba mailo, ba kutsogolo. Geti iyi ikatseguka, bankhoswe banga bazafika ku Chazanga na mbale za nsalamu zofunsira ukwati, zovininkhira bwino, monga mwa mwambo wanu. Wallahi! Nikanama, moto wa nchito yanga unidye maso."

"Nanga va chechi na mzikiti?"

"Tizakambirana na bakulu. Sinizakusiya, olo vivute bwanji."

Nsofwa dzanja lake sanalichotse.

"Chimodzi chabe," anawonjezera Haidar. "Usakambe na Hanan za ise. Olo dzina langa usatchule. Alongolola maningi uja, komboni yonse izadziwa tikalibe kukonzeka. Nizakuonetsa kwa iye mwaulemu, nthawi ikakwana."

M'mawa mwake Nsofwa anatulutsa okalamba monga mwa masiku onse. Anasiya okalamba ena pansi pa mango akutambasula manja, iye n'kukankha Ba Mwanabibi mpaka kukhoma. Anayang'ana kuofesi. Chitseko chinali chotseka.

M'bowo munaoneka maso awiri pamwamba pa masiki.

"Amama," anatero mawu otsika. "Amama, ndine."

Ba Mwanabibi anadzutsa mutu. Pakamwa pawo panagwedezeka, osatuluka mawu. Dzanja lawo labwino linanyamuka lokha kulunjika kubowo.

"Osagwirana!" ananong'ona Nsofwa.

Koma zala zinali zitatulukira kale m'bowomo. Akanatani? Akanamenya dzanja la mayi wolira? Anapopera sanitaiza pa zala zonsezo mwachangu, n'kutembenuka kuyang'ana kuofesi.

Tsiku limenelo Ba Mwanabibi anamaliza phala lonse.

Zinapitirira choncho. Hanan ankabwera dzuwa likafika pamwamba pa thanki, nthawi zina atabereka Mariya. Nsofwa ankaima chapatali ngati mlonda, osayankhula naye. Haidar nthawi imeneyo sankapezeka. Ankati wapita kukagula ndodo zowotcherera, kuti wina asawaganizire.

Kawiri konse Ba Nkole anatulukira pakhonde mwadzidzidzi.

"Nsofwa! Muchedwa chani kuja?"

"Bapumula, Ba Matironi! Bakonda mphepo ya pano!"

Usana wonse umenewo ankangocheukira kuofesi mwamantha. Koma foni ikalira, mantha ankasungunuka. "Ndiwe mngelo wanga. Bamai bakudalitsa mu mtima." Ndipo Ba Mwanabibi ankachira ndithu. Pofika mwezi wa Ogasiti anali ataimirira, akukoka mwendo, dzanja lili pachitsulo. Mawu anayamba kubwerera limodzilimodzi. "Madzi." "Zikomo." "Mwanangu."

Nsofwa anawauza amayi ake zonse za Haidar. Amayi anauza azakhali a ku Mandevu. Azakhali anayamba kufunsa kuti mbalezo zifika liti.

Chitsulo chinatha, koma Haidar ankapezabe chifukwa chobwerera. Apa pafunika penti, apa pafunika kulimbitsa. Tsiku lina ankapaka penti pafupi ndi mango pamene okalamba ankatuluka. Ba Mwanabibi atayandikira, iye anasiya burashi, n'kuchoka m'njira, kukanyonyomala m'dimba la repu atayang'ana kumbali. Mayiwo nawo anakokera mpango kumaso, n'kudutsa atapotoloza khosi.

Nsofwa anaziona, n'kumva kunyada. Mwamuna wosamala bwanji! Kulolera kusayandikira mayi ake omubereka poopa kuwapatsira matenda!

Masana, Nsofwa akuwadula zikhadabo Ba Felistus, mayiwo anamuyang'ana mwa chifundo chachilendo.

"Iwe, uja wa vitsulo. Ni chibwenzi chako, ai?"

"Ba Felistus!"

"Usanibise. Nakalamba miyendo, osati maso. Na va pa khoma niviona. Usayope, sinizakamba, na ine nifuna kuothera zuba. Koma niuze, baja ba mpango ni bandani bake?"

Nsofwa anayang'ana kuchitseko, n'kunong'ona. "Ni bamai bake. Bomubala."

Ba Felistus anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Bomubala? Mayo! Mwana wanga, unakulira kuti iwe?"

"Ayopa korona chabe. Afuna kubateteza."

"Korona? Ine akanipita pafupi, anipatsa moni, aniyang'ana kumaso, aniseka ati ambuya mwavina bwino lero. Ba Mukupa, nkhalamba inzathu, anabanyamulira ndodo mailo. Ise tilibe korona yotengako? Koma baja bakabwera, athawira mu repu, ayang'ana ku khoma. Na beve babisa nkhope. Mwana obala sachita so kuli nyina. Nyina sabisa nkhope kuli mwana wake. Ine nakwatitsa bana banai, niidziwa ija nsoni. Ija ni nsoni, manyazi ya pa bapongozi."

Kodulira zikhadabo kanagwa pansi.

"Munama!"

"Ninama? Nanga n'chifukwa chani bali muno, pamene mwana wabo mukazi abakonda so? Kaili nyumba ni ya chipinda chimodzi. Mupongozi na mukamwini sibangagone mu chipinda chimodzi. Funsa aliyense."

Nsofwa anatuluka osatseka chitseko. Anakaima kuseri kwa thanki, pomwe paja. Mwambowo ankaudziwa! Kwawo komwe, alamu ake, amuna a mkulu wake, sankadya pamaso pa amayi, akakumana nawo m'njira ankapatuka. Nanga n'chifukwa chiyani sanazione? Chaka chimenecho dziko lonse linkathawana. Ndani akanasiyanitsa kuthawa matenda ndi kuthawa apongozi?

Ayi, Ba Felistus ndi nkhalamba yokonda miseche. Haidar analumbira. Analumbirira maso ake!

Foni inalira. "Kamphepo kanga, nakuyewa, nakusowa. Wadya?"

Nsofwa anawerenga mawuwo. Kenako analemba: "Chitsulo cha pa khoma chagwedezeka. Ubwere mailo kuseni, nkhalamba zingagwe."

"Nizafika, switi. Chilichonse cha iwe."

M'mawa mwake kunali mphepo ya Ogasiti, yonyamula fumbi ndi mapepala. Haidar anafika msanga kuti amalize nthawi ya Hanan isanakwane. Nsofwa anamuchedwetsa pageti. Anati kachipangizo kafa mabatire, adikire. Atamulowetsa, dzuwa linali litatsala pang'ono kufika pamwamba pa thanki.

Haidar anagwada pakhoma n'kugwedeza chitsulo.

"Koma chili chabe bwino ichi," anadziyankhulira.

Atacheuka, anaona Ba Mwanabibi akubwera, akuyenda okha, dzanja pachitsulo. Nsofwa anali pambali pawo. Okalamba ena anali pansi pa mango, onse maso ali komweko.

Haidar anadzuka msangamsanga, n'kulowa m'dimba, n'kunyonyomala atayang'ana kukhoma. Ba Mwanabibi anaima. Anakokera mpango kumaso.

"Haidar," anatero Nsofwa, mawu ake ali phee. "Lero nakulola. Ba Matironi bali mu ofesi. Bwera upatse moni bamai bako."

"Nsofwa, korona..."

"Sanitaiza iyi. Sisita wako abagwira tsiku na tsiku. Iwe ndiwe mwana wabo mwamuna, bakuyewa. Bwera ubagwire dzanja."

"Manja yanga ni yadothi."

"Basi bayang'ane chabe kumaso. Kuyang'ana sikupatsa matenda."

Haidar sanatembenuke. Khosi lake linauma ngati chitsulo chake chomwe.

"Bayang'ane, Haidar! Si bamai bako bokubala?"

Nsofwa anagwira dzanja la Ba Mwanabibi mofatsa, ngati akufuna kuwatsogolera m'dimbamo. Mayiwo analimba. Kuseri kwa mpango kunatuluka mawu olemera, okokedwa limodzilimodzi.

"Ayi... mwanangu... ayi. Sitigwirana. Ndi... mkamwini wanga."

Mphepo inawomba m'mabowo.

Nthawi yomweyo m'bowo munatulukira kankhope ka mwana, atanyamulidwa m'mwamba ndi amayi ake. Kamwanako sikanayang'ane agogo ake. Kanaona munthu wonyonyomala m'dimba, n'kukuwa ndi chimwemwe chonse.

"Adada! Adada! Amama, onani adada!"

"Shhh, Mariya!" anamveka Hanan kuseri. "Atate a Mariya, muli mukati? Simunakambe kuti mwayenda ku tauni?"

Chitseko cha ofesi chinatseguka.

Hanan anatsitsa mwana, mapazi ake n'kumveka akuthamanga m'kanjira. Ba Nkole anatsika pakhonde, akuyenda mwachangu, maso ali kukhoma.

Pansi pa mango, Ba Felistus anawomba m'manja mwamphamvu.

"Mwendo m'mwamba! Mwendo pansi! Tiyeni, nkhalamba imwe, mwagona?"

Ba Mukupa anayamba kumenya chitsulo ndi ndodo yawo, ngwe! ngwe! ngwe! Ena onse analowerera, kuwomba m'manja, kupondaponda, kukuwa ngati ana a sukulu.

"Chongo cha chani ichi?" anakalipa Ba Nkole. "Namvera mau ya mwana. Ni mwana wa ndani?"

"Ni ine, Ba Matironi!" anayankha Ba Felistus. "Mphepo yanibweza ku umwana. Mailo muzanipeza niyamwa chala!"

Ba Nkole sanaseke. Anafika pakhoma, n'kusuzumira m'bowo. M'kanjira munali mayi wina wosenza chigubu cha madzi, basi. Anatembenukira kwa Nsofwa.

"Niuze zoona. Panali munthu apa?"

Haidar anadzutsa maso koyamba. Ankapempha Nsofwa ndi maso omwe aja anawalumbirira. Mawu amodzi okha akanakwana. Haidar akanathamangitsidwa ngati galu, mkazi wake akanamva zonse dzuwa lisanalowe. Mawuwo anafika pamlomo pa Nsofwa, akuwotcha.

Koma dzanja la Ba Mwanabibi linali likadali m'dzanja lake. Pansi pa mango phokoso linali litazima. Nkhalamba zonse zinkamuyang'ana, dzuwa likuwala pa imvi zawo.

"Bana bapita mu kanjira, Ba Matironi. Bayenda ku pompi."

"Nanga ulira chani?"

"Ni fumbi."

Ba Nkole anamuyang'anitsitsa, n'kuyang'ana Haidar.

"Iwe, nchito yako inasila kudala. Nyamula vitsulo vako. Nsofwa, mutsekere geti."

Nsofwa anamuperekeza mpaka kugeti. Haidar atatuluka, anatembenuka msanga n'kugwira chitseko.

"Nsofwa, mvera. Poyamba vinali va Hanan, zoona. Enze kulira usiku na usana, nenze nilibe njira ina. Koma pambuyo nakukonda zoona, switi. Mbaula ija sinapangire aliyense..."

"Munalumbira."

"Nizakonza vonse. Nipatse nthawi chabe, kamphepo ka..."

"Musanitchule so."

Haidar anayang'ana kumbuyo, kumsewu, kenako n'kutsitsa mawu.

"Suzamuuza Hanan, ai? Na pa khoma, suzaleka kubabweretsa?"

Pamenepo ndi pamene mtima wa Nsofwa unasweka kwenikweni. Mpaka nthawi imeneyo kanali kakadalipo kachiyembekezo kopusa, koti mwina munthuyu akuopa kutaya iye. Koma ayi. Ankaopa kutaya bowo la pakhoma!

"Chotsani dzanja pa geti, Ba Haidar."

"Ba Haidar? Nsofwa, ni ine!"

"Imani pomwepo. Musalowe futi."

Analowetsa loko, n'kukhoma.

Madzulo ku Chazanga anapeza amayi ake atayatsa kale mbaula, chilembo chija chili psuu. Nsofwa anaitembenuza kuti chiyang'ane kukhoma. Amayi anatsegula pakamwa kuti afunse, koma ataona nkhope yake anangomusendezera mpando. Foni inalira kasanu, kakhumi. "Nikhululukire." "Sinigona." "Yankha chabe kamodzi." Anaizimitsa.

Kutacha sanafune kudzuka. Apitenso kukagwira chitsulo chomwecho? Akaimenso pakhoma lomwelo, kulondera mkazi wa munthu amene anamulonjeza mbale za nsalamu?

Anapita. Atatsegula chitseko cha kukhonde, anapeza okalamba atafola kale. Ba Felistus anamugwira tsaya ndi dzanja lawo lokhakhala.

"Lira uyenda, mwana wanga. Miyendo yathu siingayembekeze mtima wako."

Ba Mwanabibi anali kumapeto kwa mzere. Sanamuyang'ane kumaso. Kaya anamva zingati dzulo lija, kaya anamvetsa zingati, Nsofwa sanadziwe. Anayenda limodzi pang'onopang'ono, kudutsa dimba la repu pomwe mapazi a Haidar anali akuonekabe m'dothi. Atafika pamango ena anakhala. Mayiwo anaima, osapempha kanthu, maso ali kukhoma.

Nsofwa anayang'ana kuofesi. Chitseko chinali chotseka.

"Tiyeni, amama," anatero.

Hanan anali atafika kale. Lero anabwera yekha. Koma m'malo moitana amayi ake, anayang'ana Nsofwa.

"Ba Sisita, pepani va mailo, mwana ananipulumuka. Bamuna banga bananiletsa kukamba na imwe, ati ningakuikeni mu mavuto. Koma lero sininakwanitse kukhala zii. Bamai banga bayenda chifukwa cha imwe. Nimakupemphererani tsiku lililonse." Maso ake anadzaza misozi. "Muli pa banja?"

"Awe."

"Mulungu akupatseni mwamuna wabwino. Wa mtima monga wanga. Mudziwa, ndiye anaganiza vonse ivi, kuti chitsulo chifike pano."

Nsofwa anayang'ana kumbali. Kamphepo kanawomba m'mabowo, kozizira, kakumuumitsa misozi isanafike pa masiki.

Anatukula botolo la sanitaiza.

"Bweretsani manja," anatero.